Mano okwerana: ena ndi cibadwa, ena timawapanga tokha ndi mbaniro

Pali mau awiri amene timamva kawirikawiri kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi nkhani ya mano a ana ikabuka. Oyamba amanenedwa mwana akalira usiku ndi dzino: "Kazuleni cabe, ndi la mkaka limenelo, lidzamera lina." Aciwiri amanenedwa patapita zaka 5 kapena 6, mwana uja atasinkhuka, mano ake atakwerana ngati nkhuni zoponyedwa pa mulu: "Ndi mmene anabadwira, zowongola mano n'za anthu a ndalama a ku Lusaka." Ife tikana mau onse awiri, ndipo tiwakana pamodzi cifukwa ndi apaubale. Nthawi zambiri oyamba aja ndiwo amabala vuto limene aciwiri afuna kulikankhira kwa Mulungu. Ngati tifuna ana a mano olongosoka m'maboma athu atatuwa, nkhondo yake iyambira pa dzino la mkaka limene ambiri amaliyesa lopanda nchito.

Tiyambe ndi zimene kholo lililonse lingaone likayang'ana m'kamwa mwa mwana wake. Mwana amamera mano a mkaka 20, ndipo pofika zaka 3 amakhala atakwana onse. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Kusinthana kwa mano awa sikucitika mwezi umodzi. Akutsogolo, aja amene ana amaponya pa denga, amagwa mwana ali ndi zaka 6 mpaka 8. Koma akumbuyo otafunira amakhala mpaka zaka 10, 11 kapena 12. Ndiye kuti dzino lakumbuyo limene labooka mwana ali ndi zaka 5 linali lidakali ndi nchito ya zaka zina 5 kapena kuposa pamenepo. Kuwonjezera pa kutafuna nsima ndi cimanga cokazinga, dzinolo limasunga malo a dzino lacikulire limene likukula pansi pake, m'kati mwa fupa.

Pa zaka 6 pamacitika cinthu cimene makolo ambiri sacidziwa. Kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mano onse a mkaka, kumamera mano 4 aakulu otafunira, limodzi mbali iliyonse, pamwamba ndi pansi. Dzino lotere siligwetsa dzino lililonse la mkaka, limangotulukira pamalo pamene panalibe kanthu, motero ambiri amaliwerengera ku mano a mkaka. Koma limeneli ndi la moyo wonse, ndipo likazulidwa palibe lina lidzamera pamenepo. Tsono dzino la mkaka loyandikana nalo likacotsedwa nthawi isanakwane, dzino lalikululi limayamba kusendera kutsogolo pang'onopang'ono kudzaza mpata uja, monga mmene mnansi amalimira malire a munda umene mwini wake anasamuka. Pofika zaka 11 kapena 12, mano otsala akafuna kutuluka amapeza malo awo adyedwa. Lina limatulukira m'kati kumbali ya lilime, lina limapotoka, lina limakanirira m'fupa osatuluka konse. Dzino losongoka lapamwamba, limene limamera mocedwa kuposa oyandikana nalo, ndilo limavutika kwambiri. Limatulukira pamwamba pa nkhama, kunja kwa mzere wa anzake, ndipo kusukulu mwana amayamba kupatsidwa maina.

Sitinena kuti mano onse okhota acokera ku mbaniro yozulira. Cibadwa ciliko. Ena amabadwa ndi nsagwada yaing'ono koma mano aakulu. Ena nsagwada yapansi imatsalira kumbuyo, ena imatsogola, ndipo mukayang'ana atate kapena ambuye awo muona cimodzimodzi. Palinso zizolowezi. Mwana amene apitiriza kuyamwa cala atapitirira zaka 4 amakankhira mano apamwamba kunja, ndipo nthawi zina akutsogolo sakumananso ngakhale atseke pakamwa. Tinenenso poyera kuti si dzino lililonse lopendekeka pang'ono limene lifuna waya. Mpata wapakati pa mano awiri akutsogolo, umene ambiri kuno amauyesa kukongola, si matenda ai. Ndipo mwana wa zaka 8 kapena 9 amene mano ake akutsogolo aoneka aakulu, otalikirana ndi otayana, kawirikawiri amalongosoka yekha mano osongoka aja akatuluka n'kuwapanikiza pamodzi. Cimene tikana ndi kuika zonse m'thumba limodzi lolembedwa kuti "cibadwa", pamene gawo lina tikanatha kulipewa.

Nanga mano okwerana amaononga ciani, popeza munthu amadya ndithu? Paokha saola. Cimene cimaoletsa dzino ndi shuga pamodzi ndi litsiro loyera lomata limene limaunjikana m'mphepete mwa nkhama ndi m'mipata. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene tili m'litsiromo timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amasungunula cikopa colimba ca dzino. Vuto la mano okwerana ndi lakuti amapanga ngodya zimene mswaci sufika, kaya wa m'sitolo kaya wa mtengo. Litsiro likakhalitsa pamenepo limauma n'kukhala ngati mwala, ndipo silicokanso potsuka. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi munthu akatsuka kapena akaluma mango, m'kamwa mumanunkha. Zikapitirira kwa zaka, fupa logwira dzino limatha, ndipo dzino losabooka konse limayamba kugwedera mwa munthu wa zaka 40.

Pali zina zimene kutsuka sikungathetse. Ena mano apansi amakwera mpaka kukaluma nyama ya kumwamba kwa kamwa, kuseri kwa mano apamwamba, ndipo pamenepo pamakhala cilonda cosapola. Ena dzino limodzi lapamwamba limatsekera kumbuyo kwa lapansi, motero nthawi iliyonse akatseka pakamwa limakankha lapansilo kunja, nkhama yake n'kumatsika, dzino n'kumaperepeseka. Koma coopsa koposa kwa ana athu ndi mano apamwamba otuluka kunja amene milomo siiwaphimba. Akatswiri ataphatikiza zofufuza za m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti mwana amene mano ake apamwamba atsogola kuposa mamilimita 3 ali pa ngozi yoswa mano pafupifupi kawiri kuposa mnzake. Taganizirani ana a kuno, amene amakwera njinga ya atate miyendo isanafike pansi, amatenga mpira pa bwalo la miyala, amakwera mitengo ya mango, amakankhana pa cigayo ndi pa mjigo. Dzino lakutsogolo lothyoka pa zaka 9 ndi cipsera ca moyo wonse.

Ndipo tisanyoze za kusekedwa. Aphunzitsi adziwa mtsikana amene amaphimba pakamwa ndi dzanja poyankha funso, kufikira ataleka kukweza dzanja. Ife a pa wailesi timaona acinyamata a mau abwino amene amakana kujambulidwa kapena kuima pamaso pa anthu. Wina akati izi n'zacabe, tim'funse ngati iye angalole mwana wake kukula akubisa kuseka kwake.

Tsopano njira zowongolera mano ziliko, ndipo ndi bwino kuti munthu wa ku Nyanje kapena wa kwa Pembamoyo azidziwe monga mmene azidziwira wa ku Kabulonga. Dzino silinakhomedwe m'fupa ngati msomali m'thabwa. Limagwiridwa ndi timitsempha ting'onoting'ono tozungulira muzu wake. Likakankhidwa ndi mphamvu yocepa koma yosalekeza, fupa la kutsogolo kwake limasungunuka pang'ono, kumbuyo kwake kumamangika latsopano, ndipo dzino limasuntha pafupifupi milimita imodzi pa mwezi. Njira zonse zoona zimatsata lamulo limeneli. Mphamvu ikacuruka, muzu umafupika kapena dzino limafa.

Njira yodziwika kwambiri ndi mawaya aja amene ambiri amangowachula kuti ma braces. Pa dzino lililonse amamatapo kacitsulo, n'kupyoza waya wopyapyala amene amakoka mano kuti alowe mumzere. Kawirikawiri zimatenga caka cimodzi ndi theka mpaka zaka 2, nthawi zina kuposa, ndipo munthu ayenera kubwerera kwa dokotala milungu 4 mpaka 8 iliyonse kuti akasinthe waya. Malo akasowa kwambiri dokotala amacotsa mano ena, atayamba wajambula ndi X-ray ndi kuyeza bwino. Kwa ana amene akali kukula pali timbale ta pulasitiki tovala ndi kuvula. Tina timakankha dzino limodzi kapena awiri, tina, monga Twin Block imene anayambitsa William Clark ku Scotland mu 1977, timathandiza kucepetsa kutsogola kwa mano apamwamba pa zaka zimene mwana akukula msanga, ca pakati pa 11 ndi 14. Palinso zovala za pulasitiki yoonekera mkati, monga za Invisalign, zimene munthu amavala maola 20 mpaka 22 pa tsiku n'kumasintha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Nsagwada zikasiyana kwambiri, mawaya okha sakwanira ndipo pamafunika opaleshoni munthu atatsiriza kukula. Wamkulu naye angawongole mano, bola nkhama ndi fupa zikhale zabwino.

Pali zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda sakonda kunena. Coyamba, mawaya akacotsedwa mano amafuna kubwerera kumene anacokera, motero munthu ayenera kuvala cogwirizira mano usiku kwa zaka zambiri, kapena kumatidwa kawaya kuseri kwa mano. Caciwiri, mawaya pa mano osatsukidwa amaononga koposa kuwasiya okhota. Litsiro limaunjikana mozungulira tizitsulo tija, ndipo tsiku locotsa munthu amapeza mano owongoka koma a mawanga oyera ndi mabowo. Ndiye cifukwa cake dokotala woona sayamba kumanga waya asanamate mabowo ndi kucapa nkhama.

Tsono tione mtunda. Akatswiri owongola mano m'Zambia ndi owerengeka, ndipo ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Dziko lathu linayamba mocedwa kuphunzitsa madokotala a mano. Kwa zaka zambiri onse anali kukaphunzira kunja, kufikira sukulu ya udokotala ya Copperbelt University itatsegulidwa ku Ndola mu 2011. Kucokera ku Katete kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi pafupifupi makilomita 500. Mlimi wa soya kapena thonje amene amaona ndalama kamodzi pa caka sangayende ulendo umenewo mwezi ndi mwezi kwa zaka 2, ndi mwana, kulipira basi, malo ogona ndi dokotala. Ngakhale ku Chipata, pafupifupi makilomita 90 kucokera ku Katete, ndi ulendo wofuna kugulitsa mbuzi. Nanga wa ku Vubwi m'dzinja, misewu itaonongeka? Zimenezi ndi zoona, ndipo tikazibisa tinama. Koma amene amati "n'za ku Lusaka" amaimira pomwepa n'kupinda manja. Ife tiona kuti mtunda umenewu ndiwo uticititsa kulimbikira kupewa, cifukwa kwa ife kukonza pambuyo pake n'kovuta kuposa kwa wina aliyense.

Pamene cithandizo coona cili kutali, acinyengo amayandikira. Pa Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp mukuyenda zithunzi za mawaya a mitundumitundu ochipa, omatidwa ndi munthu amene sanaphunzire za mano, kapena odzimata wekha kunyumba. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Waya womangidwa popanda kujambula mizu amakoka mano kumene afuna, guluu wosayenera amaocha nkhama, ndipo zida zosaphikidwa zimacoka m'kamwa mwa uyu kulowa mwa uyo pamodzi ndi matenda a m'magazi. Ku Thailand fasho imeneyi inafala pakati pa ana a sukulu mpaka boma linaletsa kugulitsa mawaya abodza mu 2006. Palinso ena amene amaphunzitsana kumanga kalabala kozungulira mano awiri akutsogolo kuti atseke mpata. Kalabala kaja kamatsetsereka kulowa pansi pa nkhama osaoneka, kamatsika ndi muzu kakudya fupa, ndipo madokotala a maiko angapo alembapo za ana amene anataya mano onse awiri mwa njira imeneyi. Ngakhale makampani aakulu otumiza zowongolera pa positi si odalirika nthawi zonse. SmileDirectClub ya ku America inatseka mu December 2023, n'kusiya makasitomala ake pakati pa njira. Lamulo lake n'lapafupi: aliyense wogwira m'kamwa mwanu ayenera kukhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo simulakwa kupempha kuona cikalata cake. Wokwiya mukafunsa wakuyankhani kale.

Tidziwa zimene ena adzanena: "Kuno tikulimbana ndi malungo, azimai akuvutika pobereka, ana akupinimbira, inu mukamba za mano?" Sitipempha kuti mankhwala a malungo acepe kuti pagulidwe mawaya. Koma tiyeni tione kukula kwa nkhaniyi. Lipoti la World Health Organization la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni pa dziko lapansi ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo atatu mwa anai alionse ali m'maiko osauka ndi apakati. Mwana wa dzino lowawa sadya bwino, sagona, sapita kusukulu, ndipo amai ake sapita kumunda. Cotupa ca dzino cikafalikira kukhosi cimatha kupha. Ndipo zimene tipempha n'zochipa kuposa mmene ambiri aganizira.

Pali njira yomata mano yosafuna magetsi, yosafuna makina oboolera, imene kawirikawiri safunanso kubaya jekeseni. Imachedwa ART, ndipo inayambira kwa anansi athu ku Tanzania m'ma 1980, m'manja mwa dokotala wa mano Jo Frencken. Wogwira nchito amakokota zoola ndi tizida ta m'manja n'kumata bowo ndi simenti ya mano yochedwa glass ionomer, imene imatulutsa fluoride pang'onopang'ono kuteteza dzino. Ku Zimbabwe anaigwiritsa nchito m'masukulu m'ma 1990, mwana atagona pa tebulo. Palinso mankhwala amadzi ochedwa silver diamine fluoride, amene amangopakidwa pa bowo n'kuimitsa kuola. Amadetsa pamene apakidwapo, koma dzino la mkaka lakuda limene likusunga malo liposa mpata. Mu 2021 World Health Organization inaika zinthu ziwirizi, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nao. Ndipo dzino likaola kotheratu moti kuzula sikungapewedwe, pali kacitsulo kaciphete kokhala ndi kawaya kamene kamamatidwa pa dzino loyandikana kuti kasunge mpata mpaka lacikulire litatuluka. Kameneka ndiko kowongolera mano kochipa koposa, cifukwa kamagwira nchito mano asanakhote.

Anthu odziwa kucita izi aliko. Dental Training School ya ku Lusaka inatulutsa ma dental therapist kwa zaka zambiri, ndipo kumata mano a ana ndi gawo la maphunziro ao. Koma wophunzira kumata akapatsidwa mbaniro ndi jekeseni cabe, popanda simenti ya mano, adzazula. Kholo likabwera mocedwa, tsaya la mwana litatupa kale, adzazula. Kholo likaumirira kuti "sindingabwerenso, transipoti yavuta, cotsani lero", adzazula. Conco mlandu suli pa munthu mmodzi wovala yunifomu. Uli pa dongosolo lonse limene limadikira kuti dzino liwawe, ndi pa ife amene tinazolowera kuganiza kuti kwa dokotala wa mano ndi kozulitsa basi.

Ndiye tipempha izi, ndipo tizipempha kwa anthu amene tingawapeze m'maofesi ao. Kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi: mwana aliyense wa giredi 1 kapena 2 aonedwe m'kamwa kamodzi kusukulu kwake. Zaka 6 mpaka 7 ndiyo nthawi yabwino, cifukwa dzino lalikulu lakumbuyo lija langotuluka kumene ndipo kulumana kolakwika kumayamba kuoneka. Bungwe la akatswiri owongola mano la ku America nalo limalangiza kuti mwana aonedwe asanapitirire zaka 7. Kucokera pamene maphunziro aulere anayamba mu January 2022 ana ambiri ali m'kalasi, motero palibe malo ena amene mungawapeze onse pamodzi mosavuta cotere. Masukulu ali kale ndi pulogalamu ya umoyo ndi kadyedwe, ndipo makiliniki amacita kale Sabata la Umoyo wa Ana kawiri pa caka. Namwino amene akupatsa mwana vitamini A angathe kukweza mlomo wake n'kuyang'ana mano, ndipo sizitenga mphindi imodzi.

Kwa aphungu a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, makhansala ndi makomiti a citukuko a m'mawadi: ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse. Tikuona makalasi, madesiki ndi zipinda za amai oyembekezera, ndipo tiyamikira. Pomanga kiliniki yatsopano, funsani ngati muli cipinda ca mano, mpando wake ndi zida zomatira. Bokosi la zida za ART limakwana kumbuyo kwa honda. Vubwi ndi Sinda anakhala maboma paokha mu 2012 kuti cithandizo ciyandikire kwa anthu, ndipo m'kamwa namo muli m'thupi la munthu yemweyo. Kwa zipatala zathu zazikulu, St Francis ku Katete imene yatumikira anthu kuyambira 1948, Nyanje ku Sinda, ndi Chipata Central Hospital: tifuna njira yodziwika yotumizira ana ocepa aja amene vuto lao ndi lalikuludi, amene mano amawalepheretsa kutafuna kapena kutseka milomo, ndi obadwa ndi mlomo wong'ambika. Ngati madokotala a maso ndi a mafupa amatha kuyendera zipatala za kumidzi pa masiku oikika, katswiri wowongola mano naye angabwere ku Chipata pa tsiku lodziwika, kuti kholo lisayende ulendo wa ku Lusaka.

Kwa mafumu athu, anyakwawa, abusa ndi alangizi: mau anu amafika kumene cikwangwani ca ku cipatala sicifika. Anthu zikwi zambiri amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba mwezi wa August caka ciliconse, ndipo mabungwe a zaumoyo amaika matenti ao kumeneko. Tenti loona mano a ana lingakwane pakati pao. Nafenso a mawailesi a m'midzi tili ndi gawo lathu. Pa 20 March pamakhala tsiku lokumbukira umoyo wa m'kamwa pa dziko lonse, koma tsiku limodzi pa caka silisintha cizolowezi. Nkhaniyi iyenera kumveka pa pulogalamu ya azimai, ya alimi ndi ya acinyamata, m'Cicewa ndi m'Cinsenga, ndi dental therapist wa m'boma lomwelo ali mu studiyo kuyankha mafoni.

Gawo lalikulu likhala pakhomo, ndipo silifuna siginecha ya wina aliyense. Shuga ndiye muzu wa mabowo, ndipo coononga kwambiri ndi kudya shuga pafupipafupi tsiku lonse: zigolo m'mawa, maswiti a pa kantemba popita kusukulu, freezit pa buleki, maheu masana, tiyi wa masupuni atatu madzulo. Nthawi iliyonse shuga akalowa m'kamwa, asidi amagwira mano kwa theka la ola kapena kuposa. Cotsekemera cidyedwe pa nthawi ya cakudya, ndipo khanda lisagone ndi botolo la tiyi kapena juwisi m'kamwa. Mano atsukidwe kawiri pa tsiku, makamaka usiku pogona, kuyambira tsiku limene dzino loyamba latuluka. Mankhwala otsukira akhale a fluoride: kwa mwana wosafika zaka 3 kadontho konga kanjere ka mpunga, kwa wa zaka 3 mpaka 6 konga kanjere ka nandolo. Alavule thovu koma asacukuce ndi madzi, kuti mankhwala atsale pa mano. Mwana wosafika zaka 7 kapena 8 sanathe kutsuka bwino yekha, wamkulu am'thandize. Mswaci wa mtengo ndi wabwino ukatafunidwa mpaka kufewa, koma mcenga, phulusa ndi makala zimapala cikopa ca dzino cimene sicimeranso. Woyamwa cala musam'menye kapena kum'paka tsabola. M'limbikitseni mwa cikondi kuti aleke mano acikulire asanayambe kutuluka.

Ndipo cinthu cimodzi cimene mphunzitsi aliyense wa masewera ayenera kudziwa: dzino lacikulire lakutsogolo likazuka lonse pa ngozi, lingabwezeredwe. Ligwireni kumutu, osati ku muzu. Ngati lada, litsukeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera popanda kulipala, libwezereni pamalo pake, mwana alume kansalu. Zikakanika, liikeni mu mkaka ndipo thamangirani ku cipatala ola lisanathe. Dzino la mkaka lokha ndilo sabwezera, cifukwa lingapweteke lacikulire limene lili pansi.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo pa mano mwambiwu ndi woona kwenikweni. Lero madzulo, dzuwa lisanalowe, itanani mwana wanu wa zaka 5, 6 kapena 7, atsegule pakamwa. Werengani mano kucokera pakati kupita kumbuyo. Asanu oyamba mbali iliyonse ndi malo a mano a mkaka. Ngati pali lacisanu ndi cimodzi, limenelo ndi la moyo wonse, liyang'anireni. Mukaona kabowo kakuda pa dzino lakumbuyo, musadikire kuti liwawe. Pitani nalo ku cipatala likali losapweteka, ndipo mukafika funso lanu loyamba likhale lakuti, "Kodi dzinoli lingamatidwe?" Akakuuzani kuti zomatira palibe, funsani kumene zili, ndipo nkhaniyo mukainene pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu. Makolo 100 akafunsa funso limeneli m'mwezi umodzi, lidzafika pa tebulo la amene amalemba bajeti.